Lamulungu la Chikumbutso pa Nsanja ya Keyala ku Zomba

Alendo amene amafika ku Zomba maso awo amakhala kuphiri, ndipo sitingawadzudzule, pakuti kumtundako ndiko kuli dziwe la Mulunguzi, dzenje la Chingwe limene akulu amalitchula monong'ona, ndi malo aja pamene Mfumu Haile Selassie wa ku Ethiopia adaimirira mu 1965 namwaza maso ake pa chigwa chonse kufikira ku nyanja ya Chilwa. Koma m'munsi mwa phirilo, pambali pa msewu wochokera ku Blantyre, kufupi ndi ndende yaikulu ndi malo a asilikali a Cobbe, paima nsanja ya njerwa zofiira yokhala ndi wotchi pamwamba, ndipo Lamulungu lachiwiri la mwezi wa Novembala, dzuwa likuswa mtengo, alimi ali maso kuthambo kudikira mvula yobzalira, pamenepo mpamene mzinda umasonkhana kudzalira maliro a anthu amene adatisiya kalekale.

Kuti mwambowu ukhale wa ku Zomba sizidangochitika. Harry Johnston atakhazika boma la Angerezi kumeneko mu 1891, m'nyumba imene John Buchanan adamanga mu 1886, yomwe pambuyo pake idasanduka hotela ya Masongola, mzindawu udakhala likulu la dziko kufikira 1975, ndipo aphungu a nyumba ya malamulo sadasamukemo mpaka 1994. Pamene pakhala Bwanamkubwa pamakhalanso mfuti zake. Gulu la King's African Rifles, limene makolo athu ankalitcha Keyala, lidakhazikitsidwa mu 1902, ndipo ku Zomba ndiko anyamata ankaphunzira kuguba asanapite ku nkhondo ya Chiwaya, ndiyo nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene idafika m'dziko muno Majeremani atathira nkhondo Karonga mu Seputembala 1914, ndiponso ku nkhondo yachiwiri imene idawafikitsa ku Abyssinia, ku Madagascar ndi ku nkhalango za Burma.

Masiku a chikumbutso akayandikira, timaluwa tofiira ta poppy timayamba kuoneka pa zifuwa za anthu, mtsogoleri wa dziko atagula koyamba, ndipo ndalama zake zimapita kukathandiza asilikali opuma. Tsikulo likafika, bandi imatsogola, asilikali a lero nadza pambuyo mwendo umodzi, nsapato zili phuliphuli. Koma amene khamu limawasuzumira ndi nkhalamba zija zokhala pa mipando ya kutsogolo, zina zochokera ku nyumba zosungirako asilikali akale mumzinda momwemo. Taonani mmodzi wa iwo: jekete limene lidamukwana ali ndi mphamvu tsopano likulendewera m'mapewa, mamendulo apukutidwa mpaka kunyezimira, ndodo ili pakati pa mawondo, ndipo lipenga likalira amayesetsa kudzuka yekha, nakankhira kumbali dzanja la mnyamata wofuna kumugwiriziza, kuti apereke sawasha ali chilili monga adaphunzitsidwira. Chaka ndi chaka mipando imeneyi ikunka nichepa.

Nthawi ikakwana 11 koloko, ora limene mfuti zidaleka kulira ku Ulaya pa 11 Novembala 1918, khamu lonse limakhala chete mphindi ziwiri. Pano tinene mopatuka pang'ono kuti ora limeneli silidali la asilikali athu, popeza iwo adali akadali m'tchire kulondola mkulu wa nkhondo wa Majeremani, von Lettow-Vorbeck, amene adamva za mtendere patapita masiku ali kufupi ndi mtsinje wa Chambeshi, nadzatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala m'dziko la Zambia, pa 25 Novembala. Chete uja akatha, abusa ndi mashehe amapereka mapemphero, pakuti m'gulu la Keyala Mkhristu ndi Msilamu ankadyera mbale imodzi. Kenaka akuluakulu a boma, a asilikali ndi a mzinda amapita mmodzimmodzi kukaika nkhata za maluwa patsinde pa nsanja, aliyense nabwerera m'mbuyo pang'ono, naweramitsa mutu, asanatembenuke.

Zonsezi nzoyenera, ndipo maliro n'kulirana. Komabe munthu woganiza akaima pamaso pa maina olembedwa pa nsanjayo, mtima wake sulephera kufunsa za khamu lina lalikulu koposa, limene silidavale yunifolomu kapena kulandira mendulo. Pa nkhondo yoyamba ija dziko la Nyasaland lidapereka asilikali pafupifupi 19,000, koma amtengatenga adali pafupifupi 200,000, m'dziko limene anthu ake onse adangopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Amenewa ndiwo adasenza ufa, zipolopolo ndi mahema pamutu, kukwera ndi kutsika mapiri a kumpoto kwa nyanja, atagwidwa m'midzi usiku ndi apolisi, mafumu ataopsezedwa kuti akapanda kupereka anthu aona zakuda. Ndipo ambiri a iwo, atafooka ndi njala, kamwazi, malungo ndi chibayo, adagona m'mbali mwa njira popanda wolemba dzina lawo, popanda mbale wowatseka maso. Mbusa John Chilembwe adaziona izi zikudza pamene adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, kudandaula kuti amphawi akuitanidwa kukafera mlandu umene suli wawo, ndi kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye m'midzi. Miyezi iwiri yokha itapita, iye mwini adadzutsa nkhondo yake.

Amene adabwerako amoyo sadabwere chimanjamanja, ngakhale kuti m'thumba mudalibe kanthu. Kuguba kuja adakusandutsa gule, ndipo beni wa kwa Ayao, mganda ndi malipenga a m'mbali mwa nyanja, ndi zovala zawo zoyera, maudindo awo achisilikali ndi zipanda zolira ngati malipenga, ndiwo chikumbutso chimene anthu wamba adadzimangira okha popanda njerwa.

Chimene chikusoweka pa mwambo wa ku Zomba, m'kuona kwanga, ndi maina a amtengatenga, ndipo maina amenewo sali m'mabuku a boma koma m'mitu ya agogo athu, amene adamva kwa amayi awo kuti malume uje adatengedwa nthawi ya Chiwaya ndipo sadabwerenso. Akulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo nalonso limauma. Inu owerenga, makamaka a m'midzi yozungulira Zomba, Machinga, Mangochi ndi Karonga, afunseni agogowo akadali moyo, mulembe dzina, mudzi ndi mfumu yake, ndipo mukapereke kwa mafumu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, kuti Novembala akudzayu pakhale nkhata imodzi yoikidwa m'dzina la amtengatenga.