Kodi mumadziwa? Diripi wamba si chakudya

Wodwala akachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'matumbo n'kuikidwa diripi, abale ambiri mtima umakhala pansi poganiza kuti akudyera m'mtsempha. Sizili choncho. Lita imodzi ya madzi a m'diripi a shuga wa 5 peresenti imakhala ndi magalamu 50 okha a shuga, mapuloteni mulibe ngakhale pang'ono, chonsecho bala limafuna mapuloteni kuti lipole. Chakudya chenicheni cha m'mitsempha ndi thumba lina, losakaniza shuga, mapuloteni ogayidwa kale, mafuta oyera ngati mkaka, mchere ndi mavitamini. N'champhamvu moti chimawononga timitsempha ta pamkono, choncho nthawi zambiri chimadzera m'kapaipi kofika mumtsempha waukulu pafupi ndi mtima. M'zaka za m'ma 1960, Stanley Dudrick ndi anzake a ku University of Pennsylvania anasonyeza kuti tiana ta agalu tingakule ndi chakudya chimenechi chokha.

Ena amaopa kuti kudyetsa wodwala n'kudyetsa khansa. Manthawa ndi omveka, koma munthu wowonda ndi amene bala lake limachedwa kupola, amagwidwa matenda ena msanga, ndipo mankhwala a khansa amam'kulira mphamvu. Nanga bwanji osapatsa aliyense chakudya cha m'mitsempha? Kapaipi kaja kamatha kulowetsa majeremusi m'magazi, shuga amakwera, ndipo pakapita nthawi chiwindi chimavutika. N'chifukwa chake matumbo akamagwira ntchito madokotala amayamba ndi chakudya chamadzimadzi, pakamwa kapena kudzera m'kapaipi ka m'mphuno. Thumba lija amasungira wodwala amene matumbo ake atsekeka kapena akukana chakudya kwa masiku ambiri.