Ulendo wa ku Chembe m'Nyengo ya Dzinja

Chembe ndi mudzi waukulu wa asodzi umene uli m'mphepete mwa Nyanja ya Malaŵi, m'dera la Mfumu Nankumba, m'boma la Mangochi. Alendo akunja amadziwa malowa ndi dzina loti Cape Maclear. Dzinali anatcha ndi David Livingstone pofuna kulemekeza bwenzi lake Thomas Maclear, amene anali katswiri wa nyenyezi ku Cape Town.

Anthu ambiri amapita ku Chembe m'chilimwe ndiponso pa Khirisimasi. Zikondwerero za Chaka Chatsopano zikangotha, alendo amachepa kufikira mwezi wa Malichi. Malo ogona amapezeka mosavuta, ndipo mapiri amene anali mbuu m'chilimwe amakhala atabiriwira. Koma ulendo wa m'dzinja si wongodzukira. Wolamula nthawi imeneyi ndi mvula, choncho mlendo ayenera kukonza zoti akaone motsatira nyengo.

Choyamba ndi msewu. Munthu wochokera ku Mangochi amatsata msewu wa ku Monkey Bay, ndipo atatsala pang'ono kufika amakhotera kumanzere. Kuchokera pamphambanopo pali mtunda wa makilomita pafupifupi 18, wokhotakhota m'mapiri. Mvula yamphamvu imaononga misewu ndi milatho, kotero ndi bwino kuyamba wafunsa kwa oyendetsa galimoto za kumeneko, ndi kunyamuka m'mawa kuti akafike kusanade.

Tsiku loyamba limene kwacha bwino likhale la panyanja, chifukwa palibe amene angadziwe za mawa. M'dzinja mvula imakonda kugwa masana, pamene m'mawa nyanja imakhala bata kawirikawiri. Moyang'anana ndi mudzi pali chilumba cha Thumbi, ndipo boti silitenga nthawi kukafika. Pakati pa miyala ya pachilumbapo pamakhala tinsomba totchedwa mbuna. Tina n'tobiriwira, tina n'tachikasu, tina n'tamizeremizere ngati mbidzi. Mitundu ya mbuna ndi yambirimbiri, ndipo kwawo kwenikweni ndi m'nyanja ino yokha. Tinsombati sitikonda kuwoloka madzi akuya kapena malo a mchenga, motero mtundu wina umapezeka pamiyala ya chilumba chimodzi basi. Mbuna yaikazi imasunga mazira m'kamwa mwake kufikira ataswa, ndipo masiku onsewo siidya kwenikweni. Pofuna kuteteza nsombazi, Boma linakhazikitsa paki ya Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaika pakiyi m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse lapansi. Wolowa m'paki amalipira, tsono ndalama imeneyi aiwerengeretu.

Eni maboti ali ndi luso lina limene ana amalikonda. Amaimba likhweru naponya nsomba m'madzi, ndipo nkhwazi imatsika mumtengo mwaliwiro n'kuikwatula ndi zikhadabo zake. Chilumba cha Domwe nachonso chili pafupi. Cha Mumbo chili patali, makilomita pafupifupi 10, ndipo si nzeru kupitako ndi ana a sukulu kumwamba kukuoneka mitambo yakuda. Aliyense wokwera boti avale chovala choyandamitsa. Mwini boti akanena kuti lero nyanja siili bwino, mawu akewo asatsutsidwe, pakuti iye anakulira pomwepo.

Tsiku la mitambo ndi loyenda pamtunda. Kumadzulo kwa mudzi kuli Otter Point, malo a miyala ikuluikulu amene anatchedwa choncho chifukwa cha akatumbu. Kumeneko anyani ndi ambiri, ndipo kamba wosiyidwa poyera sachedwa kusowa. Chapafupi pomwepo pali manda a amishoni. Mu 1875 gulu la amishoni a ku Scotland, lotsogozedwa ndi E. D. Young pamodzi ndi Dotolo Robert Laws, linafika pamalowa pa sitima yotchedwa Ilala. Anamanga mishoni naitcha Livingstonia. Malowo anali okongola, dooko linalinso labwino, koma malungo anawasautsa kwambiri. Dotolo William Black anamwalira mu 1877, ndipo enanso anatsatira. Mu 1881, chaka chimene Albert Namalambe anakhala munthu woyamba kubatizidwa pamishonipo, amishoniwo anasamukira ku Bandawe. Pambuyo pake, mu 1894, anakwera kuphiri la Khondowe, kumene kuli Livingstonia wa lero.

Nthenda imene inasamutsa amishoniwo ikadalipo, ndipo m'dzinja udzudzu umachuluka. Mlendo asaiwale masikito. M'madzi osaya a pafupi ndi mudzi mumapezekanso nkhono zofalitsa likodzo. Amene wasamba m'nyanja achite bwino kukaonana ndi achipatala akabwerera kwawo, ngakhale asakumva kupweteka kulikonse.

M'mbali mwa msewu wotuluka m'mudzi muli Mwala wa Mphini. Mwalawu uli ndi mizere yofanana ndi mphini zimene makolo ankatema pankhope, koma sanaujambule ndi munthu ayi. Mizereyo inadza yokha chifukwa cha dzuwa ndi mvula ya zaka zambiri. Mwalawu ungaonedwe popita ku Monkey Bay, ulendo umene umatha ndi theka la tsiku. Ku Monkey Bay kuli dooko la sitima ina yotchedwanso Ilala, imene inayamba kuyenda mu 1951. Sitimayi imakhala masiku ambiri ili paulendo wa kumpoto, choncho wofuna kuiona afunsiretu tsiku limene imakhala padooko.

Ulendo wa ku tauni ya Mangochi, imene kale inkatchedwa Fort Johnston, umafuna tsiku lathunthu, pakuti mtunda wake umaposa makilomita 70. Zoti aone zili malo amodzi, pafupi ndi mlatho wa pa Shire. Pali nsanja ya wotchi imene inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Pali mzinga wa sitima ya Guendolen, imene inaombera sitima ya Ajeremani panyanja pano mu Ogasiti 1914. Palinso chikumbutso cha sitima ya Vipya, imene inamira ndi namondwe kumpoto kwa nyanja mu 1946, ndipo anthu 145 anafa. Mvula ikayamba, mlendo angathe kuusa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale za panyanja imene ili chapafupi. Dzuwa likangopendeka ayambe ulendo wobwerera.

Pomaliza pa masiku onsewa pakhale tsiku limodzi lopanda chochita, loti lilowe m'malo mwa limene mvula yaononga. Ngati mvula sinaononge kanthu, tsikulo alithere kugombe. M'mawa asodzi amakocheza ndi usipa, ndipo amayi amauyanika pamathandala maso ali kumwamba, okonzeka kuufunditsa mvula ikangodontha. Usiku kukakhala bata, nyali za asodzi zimandandalika panyanja ngati mudzi wina.