Thabwa, Phula ndi Madzi a Mulunguzi

Anzanga ophunzira, ndi inu aphunzitsi athu, ndiloleni ndikuuzeniko za masewera ena amene sachitika kuno kwathu, koma amene andiphunzitsa kanthu za phiri lathu lomweli la Zomba. Dzina la masewerawo ndi snowboard. Ndiyamba ndi kuulula cholakwa changa, pakuti ndicho chinandifikitsa pa nkhaniyi.

Loweruka lina m'mwezi wa Julaye, ife anyamata asanu tinakwera phiri podzera njira ija itchedwa Potato Path. Titafika pamwamba tinapitirira mpaka pamalo ena otsetsereka, pafupi ndi kamtsinje. Aliyense amene anakwerako adziwa kuti pansi pa mitengo ya paini pamakhala masamba ouma oterera ngati therere. Pamenepo tinayamba mpikisano wotsetsereka: wina pa chigubu chong'amba pakati, wina pa katoni, ine pa thabwa limene ndinapempha kwa mmisiri wa mipando. Pofuna kuposa anzanga, ndinali nditatenga oilo wakuda wa galimoto m'kabotolo, ndipo ndinapaka kunsi kwa thabwalo.

Ndisanatsetsereke kachitatu, panatulukira bambo wina wachikulire wogwira ntchito m'nkhalangomo. Sanakalipe ayi. Anatola masamba odetsedwawo, nawanunkhiza, nati, "Mwana wanga, ukatsika kumunsiko ukamwa madzi a kuti?"

"A pampopi, bambo," ndinayankha motero.

"Nanga mpopiwo utunga kuti?" Anatero akuloza kamtsinje kaja, kamene kanali kutsikira ku damu la Mulunguzi. Ine kukamwa kunangoti gwa.

Lolemba lake ndinakaulula nkhaniyi kwa aphunzitsi athu a Jogalafe. Iwo anaseka pang'ono, nati chimene ndinachitacho akatswiri a masewera a pa chipale anachichita zaka zambiri, kufikira lamulo linawaletsa. Mawuwa anandipatsa chidwi, ndipo ndinayamba kufunafuna za masewerawo. Zimene ndinapeza ndi izi.

Kumaiko ozizira, nyengo yachisanu ikafika, m'malo mwa mvula kumagwa chipale chofewa. Si matalala olimba aja amene amaboola masamba a fodya ayi, koma tinthu topepuka, toyera ngati ufa, timene timaunjikana paphiri kufikira kukwirira miyala ndi tchire. Pa chipale chimenechi munthu amaimirira chammbali pa thabwa limodzi, lotalika ngati mita imodzi ndi theka, mapazi onse awiri atamangidwa pathabwapo, natsetsereka kuchokera pamwamba. Alibe chiwongolero, alibe mabuleki. Akafuna kukhota amapendeketsa thupi kuti m'mphepete mwa thabwa, mmene muli kachitsulo, mulume chipale.

Chiyambi chake sichisiyana kwambiri ndi chigubu chathu chija. M'chaka cha 1965 bambo wina wa ku Michigan ku America, dzina lake Sherman Poppen, analumikiza timatabwa tiwiri ta ski, tija munthu amavala kamodzi kuphazi lililonse, kuti ana ake aakazi aziseweretsa. Choseweretsacho chinatchedwa Snurfer. Mu 1977 Jake Burton Carpenter anayamba kupanga matabwa a malonda ku Vermont, ndipo mu 1998, ku Nagano ku Japan, snowboard inalowa koyamba m'masewera a Olimpiki a nyengo yachisanu. Mipikisano ina ndi ya liwiro, ina ndi yolumpha. Wotchuka kwambiri ndi halfpipe, ngalande yaikulu ya chipale imene makoma ake amatalika pafupifupi mamita 7. Wopikisana amakwera khoma, nauluka m'mwamba, natembenuzika kangapo asanaterenso. Shaun White wa ku America anapata mendulo ya golide pa mpikisano umenewu mu 2006, 2010 ndi 2018. Chloe Kim anaipata mu 2018 ali ndi zaka 17 zokha, msinkhu wa ambiri a ife, naipatanso mu 2022.

Munthu wa mipikisano yotere sakhalitsa pakhomo. Kuyambira Disembala kufikira Malichi, pamene ife tili pa mvula ndi kupalira, iye ali kumpoto kwa dziko lapansi: sabata ino ku Laax ku Switzerland, sabata yamawa ku Aspen ku America. Chipale chikasungunuka kumeneko amachitsata kummwera, ku Cardrona ku New Zealand kapena kumapiri a ku Chile, cha m'mwezi wa Ogasiti ndi Seputembala. Chuma chake chonse chili m'chikwama chachitali: matabwa angapo, nsapato, chisoti cholimba, magalasi, magolovesi ndi simbi yosungunulira phula. Otchuka ochepa amalipiridwa ndi makampani, koma ambiri amadzifunira okha ndalama za ulendo, nagona mothithikana m'chipinda chimodzi. Kuthyoka mkono, kuguluka bondo ndi kuvulala m'mutu ndi zinthu zimene amayenda nazo pafupi masiku onse. Ngakhale mu Africa muno masewerawa alimo: ku Afriski, m'mapiri a Maloti ku Lesotho, pamtunda wa mamita ngati 3,000, anthu amatsetsereka kuyambira Juni kufikira Ogasiti.

Tsono tifike pa nkhani ya phula. Thabwa likamatsetsereka, pakati pa ilo ndi chipale pamakhala timadzi pang'ono. Timadzito tikachuluka timagwira thabwa, monga mmene tambula yonyowa imamatirira patebulo. Chifukwa chake opikisana amasungunulira phula kunsi kwa thabwa ndi simbi, nalipala kuti lisalale. Cha m'ma 1980 opanga phula anayamba kuthiramo mankhwala a fluorine, a m'gulu lotchedwa PFAS, amene amathamangitsa madzi ngati tsamba la nthochi. Liwiro linawonjezeka ndithu, ndipo pa mpikisano umene anthu amaposana ndi kachigawo ka sekondi, palibe amene anafuna kutsalira.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Phula limanyenyeka pang'onopang'ono ndi kutsala m'chipale. Chipale chikasungunuka, mankhwala aja amalowa m'dothi ndi m'mitsinje, ndipo saola monga ziolera zinthu zina; amakhala zaka zambirimbiri. Ofufuza anawapeza m'dothi la m'malo a mipikisano, anawapezanso ochuluka m'magazi a anthu amene ntchito yawo ndi kupaka phula. Ena mwa mankhwalawa amawononga chiwindi, amafooketsa chitetezo cha m'thupi, ndipo ena amawonjezera chiopsezo cha khansa. Motero bungwe loyang'anira masewerawa la FIS linaletseratu phula la fluorine kuyambira nyengo ya 2023 mpaka 2024, ndipo zida zimapimidwa ndi makina. Mu Okutobala 2023, ku Sölden ku Austria, mayi wina wa ku Norway wopikisana pa ski anachotsedwa mumpikisano chifukwa makina anapeza mankhwalawo pa zida zake.

Nanga woseweretsa thabwa wosamala amasankha bwanji zida zake? Choyamba, amagula phula lopanda fluorine, ndipo zopalidwa zake amaziwola, osazisiya paphiri. Chachiwiri, amayang'ana jekete ndi buluku lake, pakuti mankhwala omwewa akhala akupakidwa pa nsalu zosalowa madzi. Masiku ano zilipo zopanda PFAS, zina zoluka ndi ulusi wochokera ku mabotolo akale a pulasitiki. Chachitatu, amafunsa za thabwa lenilenilo. M'kati mwake mumakhala mtengo wopepuka monga poplar kapena nsungwi, wokutidwa ndi ulusi wa galasi ndi guluu, ndipo kunsi kwake kuli pulasitiki wolimba. Amafuna kudziwa ngati mtengowo unachokera m'nkhalango imene amadula akubzala. Chizindikiro cha FSC, bungwe limene linayamba mu 1993, ndicho chimodzi chomuthandiza pa zimenezi.

Chachinayi ndicho chinandikondweretsa koposa. Popeza mtengo, galasi, chitsulo ndi pulasitiki zinamatidwa pamodzi, thabwa lakutha ndi lovuta kuliphwasula kuti lipangidwenso china. Kotero chida chosamala dziko koposa zonse ndi chimene uli nacho kale, ukachisunga bwino. Wosewera wanzeru amatseka ming'alu ya thabwa, amanola zitsulo zake, amaika chigamba pa jekete, ndipo sachita manyazi kugula zogwirapo kale. Apa, anzanga, ife a nsapato za pakaunjika mumsika wa Zomba, ife amene timapita nazo kwa osoka nsapato kawiri kapena katatu tisanazitaye, tili patsogolo kale. Chimene ife tichita chifukwa cha kuchepa kwa ndalama, anzathuwo ayamba kuchiphunzira chifukwa cha kuchepa kwa chipale.

Pakuti chipale chikuchepadi. Dziko likutentha, ndipo m'mapiri ambiri nyengo yachisanu yafupika. Pa Olimpiki ya ku Beijing mu 2022 pafupifupi chipale chonse chinali chopangidwa ndi makina, amene amadya madzi ndi magetsi ambiri. Ndipo apa pali chinthu chowawa chimene wopikisana woona mtima sangachibise: utsi wa ulendo umodzi wautali wa pa ndege umaposa kutali utsi wotuluka popanga thabwa lake. Pothamangira chipale, amathandiza kuchisungunula. Ena ayamba kukwera sitima ya pamtunda pamene ingathe kufika, ena amachepetsa maulendo. Mu 2007 katswiri wina wa snowboard, Jeremy Jones, anayambitsa bungwe la Protect Our Winters kuti osewera alankhule pamodzi za kusintha kwa nyengo.

Mwina wina afunsa, zonsezi zitikhudza bwanji ife amene chipale sitinachionepo? Phiri lathu, limene nsonga yake ya Malumbe ipitirira mamita 2,000, ligwira ntchito yomweyo imene mapiri a chipale agwira kwa eni ake: lisunga madzi ndi kuwatsitsa pang'onopang'ono. Mtsinje wa Mulunguzi udzaza damu, damulo lipatsa madzi mipopi ya m'tauni, ya m'masukulu ndi ya m'chipatala. Otsala atsikira mu Likangala kukafika ku nyanja ya Chilwa, kumene kuchokera matemba athu, nyanja imene inaumapo mu 1968 ndi mu 1995. Ifenso tili ndi masewera athu a m'phiri. Alipo amene athamanga Porters Race ku Mulanje, alipo amene athamanga Run 4 Reforestation pa phiri lathu lino, ndipo ambiri a ife timakwera pa maulendo a sukulu kukaona Chingwe's Hole, Williams Falls ndi Emperor's View. Phula la fluorine tilibe, koma tili ndi majumbo, mabotolo, mabatire akutha ndi machesi. Majumbo opyapyala osakwana mamaikoloni 60 boma linawaletsa mu 2015, komabe mukayenda m'mbali mwa mtsinje muwaona atakolekeka m'mizu. Kamoto kamodzi ka m'mwezi wa Seputembala kapsereza mitengo imene anthu anabzala zaka zingapo.

Akulu anati madzi saiwala khwawa. Chimene tisiya pamwamba pa phiri chidzatipeza kumunsi, m'kapu yathu yomwe. Chifukwa chake ndikupemphani, tikamakonza ulendo kapena mpikisano wa m'phiri, tifunse mafunso omwe aja afunsa wa snowboard: chida ichi chinapangidwa ndi chiyani, chikhala nthawi yaitali bwanji, ndipo chikatha chipita kuti? Titenge botolo limodzi lothiramo madzi kambirimbiri, chakudya tiike m'kabakuli, ndipo chilichonse chimene takwera nacho titsike nacho.

Ine Loweruka lotsatira ndinabwerera pamalo paja ndi thumba, ndipo ndinawola masamba onse akuda amene ndinatha kuwaona. Bambo aja sindinawapeze. Thabwa langa ndinalipala ndi sandipepa mpaka linasalala, osapakanso kanthu. Pa mpikisano wa tsiku limenelo ndinakhala wachitatu, kumbuyo kwa chigubu ndi katoni. Potsika tinaima pa kamtsinje kaja, ndipo ndinasamba kumaso wopanda mantha.

Wophunzira wa Fomu 3