Pulasitiki Yoyaka Ngati Nyale

Mu 1990, asayansi a ku Cavendish Laboratory ku Cambridge, kuphatikizapo Jeremy Burroughes, Donal Bradley ndi Richard Friend, analengeza zodabwitsa: pulasitiki yotchedwa PPV imatulutsa kuwala kobiriwira kopitira kuchikasu magetsi akaidutsa. Komatu pulasitiki wamba ndi imene amakutira nayo mawaya kuti magetsi asagwire munthu.

Chinsinsi chagona pa kagwiridwe ka maatomu a kaboni. Mu PPV amalumikizana mosinthanasinthana, apa ndi mfundo imodzi, patsogolo ziwiri, mpaka kumapeto kwa unyolo wonse. Zimenezi zimamasula maelekitironi ena kuti aziyendayenda m'litali mwake. Mpata woyendamo ukatalika, mphamvu imene amataya monga kuwala imachepa, ndipo kuwalako kumafiirira. Unyolo ukapotoka, mpata umafupika, kuwala n'kupita kubuluu. Kungomatako timagulu ta maatomu m'mbali mwa unyolo kumasinthanso mtundu. Mwachitsanzo, MEH-PPV, yomwe David Braun ndi Alan Heeger anaiyatsa ku Santa Barbara mu 1991, imawala ngati lalanje lakupsa.

Pulasitiki imene ine imandikopa kwambiri ndi polyfluorene, yowala buluu. Ikatenthedwa imasanduka liquid crystal, khalidwe lomwe Friedrich Reinitzer analiona koyamba pa mankhwala ena ku Prague mu 1888: chinthucho chimayenderera, koma mamolekyu ake amaloza kumodzi. Ikauma mamolekyu ali chindandalire, mafunde a kuwala kwake amagwedezekera kwambiri mbali imodzi. Sikirini ya LCD imafuna kuwala kotereku, chifukwa pakusefa kuwala wamba imataya pafupifupi theka.