Zotsatira Zatuluka: Mmene Chithandizo cha Khansa Chidasinthira ku Lilongwe

Chaka cha 2011 chisanafike, dokotala wa pachipatala chachikulu cha Kamuzu akadula kanyama pachotupa kuti kakayezedwe, kanyamako kankayamba ulendo wa makilomita oposa 300 wopita ku Blantyre. Kumeneko ndi kumene kudali akatswiri oyeza minofu, anthu owerengeka ndi zala, ndipo ntchito ya dziko lonse inkagwera iwo. Kabotolo kankadikira galimoto, kakafika n'kudikiranso pamzere, pepala la zotsatira nalonso n'kudikira wobwera nalo. Miyezi inkatha. Wodwala amene adachita kukongola ndalama ya thiransipoti kuchokera ku Dowa kapena ku Mchinji ankauzidwa kuti abwerenso mwezi wamawa, akabwera n'kumvanso zomwezo. Ambiri ankatopa n'kukhala kumudzi. Ena zotsatira zinkafika maliro atachitika kale.

Madokotala sadali kungopinda manja ayi. Ankayang'ana, kugwira chotupacho, kufunsa mafunso, kenako n'kulingalira. Koma tatengani munthu wobwera ndi mwanabere m'khosi, thupi likutentha, usiku akutuluka thukuta mpaka kunyowetsa zofunda, thalauza likumukhwepa. M'dziko lodzala TB ndi HIV ngati lathu, ganizo loyamba ndi TB, ndipo kawirikawiri ganizolo limakhala loona. Munthu ankayamba mankhwala a miyezi 6. Vuto n'lakuti khansa ya m'anabere, imene madokotala amaitcha lymphoma, imabwera ndi zizindikiro zomwezo. Wodwala ankamwa mankhwala mokhulupirika, gadiyani akulembera tsiku ndi tsiku, pamene khansa ikuyenda mwakachetechete m'thupi lonse.

Kusiyana pakati pa wodwala wa ku Lilongwe ndi wodwala wa ku America kunkayambira pamenepa, mankhwala asanatchulidwe n'komwe. Wa kuja ankadziwa mtundu weniweni wa khansa yake m'masiku ochepa. Wa kuno nthawi zina sankadziwa ngakhale zoti ndi khansa.

Ndiye mu 2011 labotale yoyeza minofu idatsegulidwa pa Kamuzu Central pomwepo! Unduna wa Zaumoyo, chipatala cha Kamuzu ndi UNC Project-Malawi adaika mitu pamodzi. UNC ndi yunivesite ya North Carolina ku Chapel Hill, imene yakhala ikugwira ntchito m'Malawi kuyambira cha m'ma 1990, ndipo maziko ake ali pa Tidziwe Centre, mkati mwa mpanda wa chipatalacho. Ubale umene udamangidwa polimbana ndi HIV ndi umene udabala chipinda chatsopanochi. Pulofesa George Liomba, mkhalakale pa ntchito yoyeza minofu m'Malawi, adakhala pamaikulosikopu. Kenako kudabwera Dr. Tamiwe Tomoka, mayi woyamba wa Chimalawi kukhala katswiri wa ntchitoyi. Kudikira kwa miyezi kuja kudasanduka kudikira kwa masiku kapena masabata ochepa. Kwa munthu amene chotupa chake chikukula sabata iliyonse, kusiyana kumeneku ndi moyo weniweniwo.

Ntchito ya m'chipindamo ndi yosangalatsa kuionera pafupi. Kanyama kaja kamafika kali m'madzi a formalin kuti kasawole. Amakachotsa madzi, n'kukaumitsira m'phula, kenako makina okhala ndi mpeni wakuthwa kwambiri amasenga timagawo topyapyala kuposa tsitsi la munthu. Kagawo kamodzi amakayandamitsa pamadzi ofunda kuti kawongoke, n'kukatola ndi kagalasi. Akakapaka utoto, zimene zidali zotuwa zimasanduka zapinki ndi zofiirira, ndipo maselo amaoneka limodzi ndi limodzi, ena ali m'mizere yawo mwaulemu, ena atapiringizana mosonyeza kuti zinthu zalakwika. Katswiri akayang'ana amadziwa ngati ndi TB kapena khansa.

Koma chimene chimandikondweretsa kwambiri ndi utoto wachiwiri. Pali mankhwala ena amene amamatirira pa chizindikiro chimodzi chokha cha selo, ndipo pomwe amatirira pamasanduka pabulawuni. Chizindikirocho chikakhala palibe, galasi limangokhala lotumbuluka. Kabulawuni kameneka ndiko kamasankha mankhwala.

Onani khansa ya m'mawere. Amayi awiri akhoza kubwera tsiku limodzi, zotupa zofanana kukula, zaka zawo zofanana, koma matenda awo ali osiyana. Chotupa cha mmodzi chimakula chifukwa cha estrogen ya m'thupi mwake, ndipo pagalasi mitima ya maselo ake imachita bulawuni. Ameneyu piritsi la tamoxifen, lotsika mtengo, lomwa kamodzi patsiku kwa zaka zosachepera 5, limamuthandiza kwambiri kuti khansa isabwerere. Mnzake uja galasi lake likakhala lotumbuluka, tamoxifen ndi wopanda ntchito kwa iye, ndipo afunika njira ina mwamsanga. Kale onse awiri akadapatsidwa zofanana, monga mlimi wopopera mankhwala a mbozi m'munda umene wafota ndi kaufiti. Tsopano aliyense akhoza kulandira chake. Kumayiko olemera, chithandizo cholingana ndi munthu payekha amachikamba ndi makina owerenga chibadwa a ndalama zankhaninkhani. Kwa ife chidayambira pa kagalasi ndi utoto, ndipo chikugwira ntchito.

Tsono mgwirizano wa labotaleyi ndi UNC udakonzedwa mwanzeru. Magalasi aja amajambulidwa ndi makina n'kuikidwa pakompyuta, chithunzi chake chotheka kuchikuza mpaka kuona selo limodzi. Sabata iliyonse akatswiri a ku Lilongwe amakumana pa intaneti ndi anzawo a ku Chapel Hill, mmodzi wa iwo Dr. Yuri Fedoriw, katswiri wa matenda a m'magazi ndi m'anabere. Kuno dzuwa litapendeka, kuja kukungocha. Onse amayang'ana chithunzi chimodzi, dokotala amene adamugwira wodwalayo ali pomwepo kufotokoza mmene adamuonera, ndipo amatsutsana mpaka atagwirizana. Chigamulo chimapangidwa kuno, pomwe pali wodwala, ndipo mankhwala amayamba osadikira kuti kanyama kawoloke nyanja. Ofufuza atayerekeza zigamulo za pamisonkhano imeneyi ndi zimene zidapezeka magalasi omwewo atayezedwanso ku America ndi zipangizo zonse za kumeneko, adapeza kuti nthawi zambiri zedi zinkagwirizana. Nkhani imeneyo ndimainyadira ngati kuti ndine ndidayang'ana pamaikulosikopu.

Ndipo phindu silidapite mbali imodzi. Mu 2013 kudayamba kafukufuku wotsatira odwala lymphoma pachipatalapo, motsogozedwa ndi Dr. Satish Gopal, dokotala wa khansa amene adakhala ku Lilongwe zaka zingapo, pamodzi ndi madokotala ndi anamwino a Chimalawi. Atayamba kuyeza anabere mosamala, adatulukira matenda amene ku Africa kuno sankatchulidwa kawirikawiri, otchedwa multicentric Castleman disease. Amagwira makamaka anthu amene ali ndi HIV, ndipo amayamba ndi kachilombo komwe kamayambitsa khansa ya pakhungu ya Kaposi. Sikuti matendawa adali achilendo. Adalipo kalekale, akubisala kumbuyo kwa dzina la TB, ndipo ambiri mwa odwalawo adali atamwa kale mankhwala a TB osaona kusintha. Atapatsidwa mankhwala oyenera, anthu amene adafika atanyamulidwa adayamba kudya, kutentha thupi n'kutsika. Madokotala a m'mayiko ena adaphunzira kuchokera ku Lilongwe.

Kenako kudabwera rituximab. Mankhwalawa amasaka selo lokhala ndi chizindikiro chotchedwa CD20, n'kulisiya lina lililonse, ndipo ku America adavomerezedwa mu 1997. Kwa zaka pafupifupi 20 odwala lymphoma kumeneko ankawalandira ngati chinthu chamasiku onse, pamene kwathu ambiri ankangowamva m'mabuku. Panali mantha akuti m'chipatala chosowa zipangizo zambiri, pakati pa odwala ochuluka okhala ndi HIV, mankhwala ofooketsa chitetezo ngati amenewa akhoza kupha m'malo mochiza. A ku Lilongwe adaganiza zoyesa mwadongosolo m'malo mongoganizira. Odwala 37 a mtundu wa lymphoma wofala kwambiri mwa akuluakulu adalandira rituximab pamodzi ndi mankhwala a khansa a nthawi zonse, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2021 m'magazini ya The Lancet Global Health. Zidaonetsa kuti n'zotheka kupereka mankhwalawa kuno mosamala, kwa okhala ndi HIV ndi opanda. Koma taonani: palibe akadalandira rituximab popanda kagalasi kaja kusonyeza CD20 poyamba. Labotale ya 2011 ndiyo idatsegula khomo limeneli.

Sikuti zonse zakhala myaa. Utoto wapadera uja ndi wodula ndipo umachokera kunja. Mayi amene chotupa chake chili ndi chizindikiro cha HER2 akhoza kudziwa dzina la mankhwala omuyenera, trastuzumab, koma mtengo wake n'kumulepheretsa. Akatswiri oyeza minofu akadali ochepa pa anthu oposa 20 miliyoni, ndipo munthu wa kutali ndi tauni amafikabe mochedwa, chotupa chitaphulika kale. Zimenezi zimandipweteka mtima. Komabe madandaulo a lero ndi a anthu amene akudziwa chimene akulimbana nacho. Dokotala wodziwa kuti akusowa trastuzumab ali ndi chokapempha ku unduna, ali ndi nambala zokaonetsa, ali ndi poyambira.

Mwendo wina umene unkatsimphina nawonso wayamba kuponda pansi. Kwa zaka zambiri wodwala wofunika chithandizo chowotcha khansa ndi makina a radiotherapy ankayenera kutuluka m'dziko, kupita ku Zambia, Tanzania, Kenya, South Africa kapena India, ndipo mndandanda wa odikira thandizo la boma udali wautali kuposa moyo wa ambiri olembedwapo. Mu 2024 International Blantyre Cancer Centre, imene idamangidwa ndi khama la a Thomson Mpinganjira ndi anzawo, idayamba kupereka chithandizochi m'dziko momwe muno. Mu 2025 National Cancer Centre ya boma idatsegulidwa ku Lilongwe, pafupi ndi Central pomwepo, bungwe la IAEA litathandiza pa upangiri ndi maphunziro a ogwira ntchito. Mayi wa khansa ya khomo la chiberekero, imene imapha amayi ambiri m'Malawi kuposa khansa ina iliyonse, tsopano akhoza kudulidwa kanyama, kuyezedwa, kumva zotsatira ndi kuwotchedwa chotupa mumzinda umodzi, popanda pasipoti, akulankhula Chichewa ndi namwino, gadiyani wake akumuphikira phala panja pa wodi.