Tikonze Chitofu Chathu cha Gasi

Anzathu, khasu likaguluka sititaya. Timaika mpini wina. Chitofu cha gasi chowotchera nyama ndi chimanga nachonso chimakonzeka.

Chitofu cha gulu lathu chinakhala panja dzinja lonse. Chinachita dzimbiri, moto wake unali wachikasu, ndipo nyama inkada ndi mwaye. Ena anati, "Tigule china." Koma ndalama za m'bokosi zinali za mbewu. Tinachikonza tokha, ndipo tinagula paipi ndi zomangira ziwiri basi. Nayi njira yake.

1. Tiyambe ndi botija

Botija ndi chitsulo chosungamo gasi. Ena amati silinda. Tisanagwire kanthu, titseke botija, tiichotse, tiiike pamthunzi choimirira. Tigwire ntchito panja, kutali ndi moto ndi fodya.

Gasi ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma. Akatuluka sakwera kumwamba ayi, amadikha pansi ngati madzi m'dambo. Kamoto kakang'ono kakhoza kumuyatsa. Fungo lake loipa lija amachita kuikamo dala kuti mphuno itichenjeze.

2. Tichotse dzimbiri

Tichotse waya wowotcherapo nyama. Timukweche ndi mchenga ndi phulusa, monga tichitira ndi mapoto. Pamene dzimbiri lakakamira tithirepo madzi a mandimu kapena viniga, tisiye usiku wonse, m'mawa tikwechenso. Titsuke, tiumitse padzuwa, kenaka tipake mafuta ophikira pang'ono. Mafuta amaletsa dzimbiri kubwerera.

Ngati waya waduka, mmisiri wowotcherera zitsulo akhoza kupanga wina. Koma tisagwiritse ntchito malata kapena waya wa mpanda wonyezimira. Zimenezi zinakutidwa ndi zinki, ndipo pamoto waukulu zimatulutsa utsi wodwalitsa. Mgolo umene munali mankhwala a m'munda nawonso ayi, ngakhale titautsuka.

3. Titsegule mabowo a moto

Moto umatulukira pa chitsulo cha timabowo tambiri. M'kati mwake gasi amasakanikirana ndi mpweya. Mafuta a nyama, dzimbiri, ulusi wa kangaude ndi dothi la mavu zimatseka njira imeneyi. Mpweya ukachepa, lawi limakhala lachikasu ndipo gasi amatha msanga.

Tichotse chitsulocho, tichigogode pang'ono kuti zinyalala zigwe. Bowo lililonse tilitsegule ndi kawaya kowonda. Msomali ayi, chifukwa umakulitsa bowo. Kamtengonso ayi, kamathyokera momwemo. Ngati chitsulocho chabooka m'mbali ndi dzimbiri, chatha ntchito, tifune china.

4. Apa pokha tisaumire ndalama

Tipinde paipi ya gasi ndi manja. Ngati yauma kapena yachita ming'alu, tigule yatsopano. Paipi zambiri zimakhala ndi chaka cholembedwa pamwamba pake. Tsopano timadziwa kuwerenga, ndiye tiwerenge tokha m'sitolo, kaya ndi ku Ulónguè kaya ndi ku Tete.

Paipi yothirira dimba si ya gasi, chifukwa gasi amaiwononga. Chubu cha njinga chimamanga katundu, sichimanga gasi. Kumapeto konse kuwiri kwa paipi timange ndi zomangira zachitsulo.

Pamutu pa botija pamakhala regyuleta. Ntchito yake ndi kuchepetsa mphamvu ya gasi. Ikawonongeka sitimasula, timagula ina. Botija yotuluka gasi kapena yodyeka ndi dzimbiri sitiwotcherera, timabweza kwa ogulitsa.

5. Tiyese ndi sopo

Tisungunule sopo m'madzi. Titseke mabatani onse a chitofu, kenaka titsegule botija. Tipake madzi a sopo pa regyuleta, pa paipi yonse ndi polumikizira. Tiyang'anitsitse. Pakatukusira thovu, pamenepo gasi akutuluka. Titseke botija, timangitse, tiyesenso. Thovu likapitirira, chitofucho chisayatsidwe.

Tisayese ndi machesi. Sopo amatiuza zoona popanda kutipsereza.

6. Tiyatse

Chivundikiro chikhale chotsegula. Tiyambe tayatsa machesi, kenaka titsegule batani. Moto ukakana, titseke, tidikire mphindi 5 kuti gasi auluke. Lawi labwino ndi la buluu, losatulutsa mwaye.

Chitofu chowotchera nyama ndi cha panja. M'nyumba yotseka, moto umatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha. Munthu amangomva mutu ndi tulo, osadzukanso. Tisayatsenso pafupi ndi nkhokwe kapena pansi pa denga la udzu.

Tikamaliza kuwotcha, tiyambe kutseka botija. Chitofu chikazizira tichipukute, tichisunge posanyowa. Gulu lisankhe munthu mmodzi woyesa ndi sopo nthawi zonse posintha botija, ndipo azilemba tsikulo m'kope.

Tikambirane

1. Gasi akatuluka amapita kuti?
2. Lawi lachikasu likutiuza chiyani?
3. Ndi zinthu ziti zimene sitikonza tokha?
4. Tilembe m'kope: "Timayesa gasi ndi sopo."