Cifukwa Cace Cidakwa Cimanjenjemera M'mawa

Pafupifupi m'mudzi uliwonse muli munthu amene anzace amamtama kuti ali ndi mutu wolimba, cifukwa amatha botolo la kacasu nkupita kwao osadzandira. A zaumoyo akuti kumeneko si kulimba ai, koma cizindikiro cakuti bongo wace wasinthika.

Bongo wa munthu unapangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tochedwa maselo. Selo iliyonse inakutidwa ndi kakhungu ka mafuta, kopyapyala koposa kaja ka m'kati mwa cigoba ca dzira. M'kakhunguka muli timakomo tolandirira mauthenga: tina timauza selo kuti ipume, tina kuti igwire nchito.

Mowa ukafika m'bongo umafewetsa kakhungu kameneka. Umathandizanso timakomo topumitsa, nufooketsa todzutsa. Ndiye cifukwa cace lilime limalemera, miyendo nkukana kumvera.

Koma bongo sumangogonja. M'caka ca 1977, Jane Chin ndi Dora Goldstein a ku Stanford, ku America, anapereka mowa kwa masiku angapo kwa mbewa zowetedwa m'nyumba zopimiramo, osati zija timakumba kumunda. Anapeza kuti khungu la maselo a m'bongo mwa mbewazo silinkafewanso msanga likakumana ndi mowa. Lero akatswiri amati kusintha kwakukulu kuli pa timakomo tija: topumitsa timaleka kumva bwino, todzutsa timacuruka. Motero munthu amene kale ankaledzera ndi cipanda cimodzi amafuna zitatu.

Bvuto lenileni limaonekera tsiku limene mowa wasowa. Bongo umene unazolowera kukankhana ndi mowa umakhala ngati ng'ombe zokoka ngolo yolemera cingwe cikaduka mwadzidzidzi. Pasanathe maola 24 manja amanjenjemera, thukuta lili kamukamu, tulo osabwera. Ena amagwa ngati a khunyu. Pa tsiku laciwiri kapena lacitatu ena amasokonezeka mutu, naona njoka ndi tizirombo pamene palibe kanthu. Apa acibale ambiri amathamangira kwa sing'anga poganiza kuti m'bale wao walodzedwa, ndipo nthawi yofunika imatayika panjira. Matendawa amapha.

Cotero amene wamwa tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri asaleke mwadzidzidzi ali yekha m'nyumba. Ayambe waonana ndi a ku kiliniki, kumene amapereka mankhwala okhazika bongo pansi pamodzi ndi vitamini B1, amene amasowa m'thupi la cidakwa. Odwala kwambiri amatumizidwa ku zipatala zazikulu, monga ca Chainama Hills mu Lusaka.